Pulogalamu Yosakana Fayilo

Kampani ya DuPont, ya ku Wilmington m'chigawo cha Delaware ku America, idayamba mu 1802 ndi ntchito yopanga onga wa mfuti. Patapita zaka idadzatchuka ndi nayiloni, kenako Teflon ndi Kevlar. Ndi kwawo kwa akatswiri a makemikolo, ndipo munthu wofuna mbiri ya zithunzi sangaganize zokagogoda kumeneko. Komatu pulogalamu yomwe kwa zaka zoposa 30 yakhala ikuchepetsa, kudula ndi kutembenuza zithunzi za pa intaneti, eni zithunziwo osaiona n'komwe, idabadwira komweko mu 1987. Dzina lake ndi ImageMagick. Ambirife timaigwiritsa ntchito osakhudza mawusi. Umalemba mzere umodzi wa malamulo pa kiyibodi, n'kudina Enter, basi ntchito yatha.

Vuto lidali la Dr. David Pensak, mmodzi mwa akatswiri ofufuza pakampaniyo, ndipo amene adapatsidwa kuti alithetse adali a John Cristy, omwe ankagwira ntchito pansi pawo. A Pensak adali ndi zithunzi zopangidwa ndi kompyuta zomwe sikirini yawo inkalephera kuzionetsa bwino. Chithunzi cha pa kompyuta ndi timadontho tondandalikidwa m'mizere, tomwe amisiri ake amati ma pixel. M'zithunzi za a Pensak kadontho kalikonse kadali ndi manambala atatu, ya kufiira, ya kubiriwira ndi ya buluu, iliyonse kuyambira 0 kulekeza 255. Mukawerengetsa 256 × 256 × 256 mupeza mitundu 16,777,216. Sikirini yotha kuonetsa yonseyo idalipo, koma idali yosowa ndiponso yodula zedi. Zomwe anthu adali nazo pamadesiki zinkaonetsa mitundu 256 pa nthawi imodzi, zina osafikanso pamenepo. Nambala imeneyi idali ponseponse chaka chimenecho. VGA ya IBM, yomwe idatuluka mu 1987, inkalekezera pa 256, ndipo GIF, yomwe kampani ya CompuServe idatulutsa chaka chomwecho, nayonso sinkapitirira pamenepo. Ndiye pa mitundu mamiliyoni 16, usankhepo iti 256 kuti diso la munthu lisadandaule?

M'mbiri yomwe adalemba okha, a Cristy akuti ku DuPont akatswiri a makemikolo ndi a zamoyo adali mbwee, koma a kompyuta oti n'kuwafunsa nzeru adali owerengeka. Adakafunsa pa Usenet, pomwe anthu a m'mayunivesite ndi m'makampani ankatumizirana mauthenga poyera mawebusaiti asadabwere. Adawayankha ndi a Paul Raveling a ku Information Sciences Institute ya University of Southern California. Iwowa sadangofotokoza pakamwa ayi, adaloza pomwe padali pulogalamu yawo yolembedwa kale, yoti munthu angokopera.

Njirayo ndimaikonda chifukwa munthu angathe kuiona m'maganizo. Taganizirani bokosi lomwe m'litali mwake mukuyeza kufiira, m'lifupi kubiriwira, msinkhu wake buluu. Mtundu uliwonse uli ndi malo ake m'bokosimo. Pulogalamu imagawa bokosilo m'timabokosi 8, kalikonse n'kukagawanso pa 8, n'kumapitirira choncho, kwinaku ikuwerenga kuti ndi timadontho tingati ta chithunzi chanu tomwe tagwera m'kabokosi kalikonse. Ikatha kuwerenga imabwerera, n'kuyamba kuphatikiza timabokosi, kuyambira tija toti titaphatikizidwa chithunzi sichisintha kwenikweni, mpaka patatsala 256. Kabokosi kalikonse kotsala kamapereka mtundu umodzi, wapakatikati pa yonse yomwe idagweramo. Zotsatira zake n'zoti chithunzi cha nyanja chimalandira mabuluu ambirimbiri ndi kufiira pang'ono, pomwe cha munda wa fodya chimadzaza ndi zobiriwira. Chithunzi chilichonse chimasankhiridwa mitundu yakeyake.

Pamatsalabe vuto limodzi. Kumwamba komwe kumasintha pang'onopang'ono kuchoka ku buluu wowala kupita ku wakuda kumaoneka mizeremizere mitundu ikachepa. Mankhwala ake adawapeza kale a Robert Floyd ndi a Louis Steinberg mu 1976. Kadontho kakapatsidwa mtundu wosiyana pang'ono ndi wake weniweni, kusiyanako sikutayidwa. Kumagawidwa kwa timadontho toyandikana nako tomwe sitidakonzedwe: magawo 7 pa 16 kwa ka kumanja, 3 kwa ka pansi chakumanzere, 5 kwa ka pansi penipeni, 1 kwa ka pansi chakumanja. Ukayandikira umaona timadontho tosakanikirana, ukatalikira diso limaphatikiza lokha. ImageMagick ili nayo njira imeneyi mpaka lero, ngakhale masikirini adasiya kalekale kuifuna.

A Cristy adapitiriza kulandira thandizo pa Usenet kwa zaka zingapo, mpaka adaganiza zobweza. Koma pulogalamu yolembedwa pa nthawi ya kampani ndi ya kampani, choncho a Pensak adayenera kukanyengerera akuluakulu kuti alole kuipereka ulere. Adalola. A Cristy amaganiza kuti adalola chifukwa sichidali chinthu cha makemikolo kapena cha zamoyo, ndiye sadaone kuti chili ndi mtengo. Pa 1 Ogasiti 1990 ImageMagick idaikidwa pa gulu la Usenet lotchedwa comp.archives. Umwini wake udadzachoka m'manja mwa DuPont pambuyo pake n'kupita ku kabungwe kotchedwa ImageMagick Studio LLC.

Miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyo mwake, mu Febuluwale 1990, kampani ya Adobe idali itatulutsa Photoshop yoyamba, ya abale awiri a Thomas ndi a John Knoll, ya pa Macintosh yokha, pa mtengo wa madola 895. Anthu amakonda kuyerekeza ziwirizi, koma ntchito zake n'zosiyana. Photoshop ndi ya munthu wokhala pansi ndi chithunzi chimodzi, n'kumachisalaza mpaka atakhutira. ImageMagick ndi ya munthu amene ali ndi zithunzi zikwi zingapo, zonse zofunika kuchitidwa chinthu chimodzimodzi, ndipo akufuna apite kwawo dzuwa lisadalowe.

Nkhani ya mitundu idatha yokha, zipangizo zitatsika mtengo. Chomwe chidapatsa ImageMagick moyo wautali ndi chisokonezo china, cha kasungidwe ka zithunzi m'mafayilo. Kampani iliyonse inkapanga fomati yakeyake. Aldus idali ndi TIFF kuyambira 1986, ZSoft idali ndi PCX, Truevision idali ndi Targa, Apple idali ndi MacPaint ndi PICT, makompyuta a Amiga ankasunga mu ILBM, a Sun ndi a Silicon Graphics aliyense mwakemwake, X Window System nayo ili ndi XBM ndi XWD, Microsoft n'kubwera ndi BMP. Mnzako akakutumizira chithunzi, chiyembekezo choti chitseguka pa makina ako chidali chochepa. Kutembenuza fayilo kuchoka ku fomati ina kupita ku ina idasanduka ntchito payokha, ndipo woyamba kuigwira mwadongosolo sadali a Cristy.

A Jef Poskanzer adawatsogolera. Iwowa adaona kuti ngati mafomati alipo 20, ndipo ukufuna pulogalamu yotembenuza iliyonse kupita ku inzake iliyonse, ulemba mapulogalamu 380. Koma utakhala ndi fomati imodzi yapakati, ulemba 40 okha: 20 olowetsa, 20 otulutsa. Zili ngati pamsika pomwe pakumana Myao, Mtumbuka, Mlomwe ndi Msena. Palibe amaphunzira zilankhulo zonse za anzake, onse amangogwirizana pa Chichewa malonda n'kuyenda. Fomati yapakatiyo adaitcha PBM, ndipo adaipanga yophweka mwadala, yoti idutse mu imelo ngati mawu wamba osaonongeka. Mungathe kuilemba ndi manja. Tsegulani pulogalamu iliyonse yolembera, mulembe izi:

P1
5 5
0 0 1 0 0
0 0 1 0 0
1 1 1 1 1
0 0 1 0 0
0 0 1 0 0

Mzere woyamba ukunena fomati, wachiwiri ukunena kuti timadontho ndi 5 m'lifupi ndi 5 m'litali, 1 ndi wakuda, 0 ndi woyera. Mukasunga fayiloyo ndi dzina lothera ndi .pbm, mwajambula kamtanda. Palibe china chobisika m'katimo. Zida zoyamba za PBM zidatuluka mu 1988, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho a Poskanzer adali atawonjezera PGM ya zithunzi zotuwa ndi PPM ya zamitundu, zonse pamodzi n'kutchedwa Pbmplus.

Zida zimenezi zidatsata mwambo wa Unix, womwe a Doug McIlroy adalimbikitsa ku Bell Labs mpaka pipe idalowa mu Unix mu 1973: kapulogalamu kalikonse kachite ntchito imodzi, zotuluka zake n'kuzipatsira kanzake. Kuti muchepetse GIF ndi theka n'kuisandutsa PNG, lero mulemba chonchi:

giftopnm duwa.gif | pamscale 0.5 | pnmtopng > duwa.png

Timapulogalamu titatu, ndipo kapakatiko sikadziwa chilichonse za GIF kapena PNG. A Poskanzer adatulutsa Pbmplus yomaliza pa 10 Disembala 1991. Anthu ena adasonkhanitsa zigamba zomwe zidamwazikana n'kupanga Netpbm mu 1993, ndipo kuyambira cha mu 1999 amene wakhala akuisamala ndi a Bryan Henderson. Muli timapulogalamu toposa 200.

A Cristy adatenga njira ina. Kwa iwo ntchito yomweyo ndi mzere uwu:

convert duwa.gif -resize 50% duwa.png

Simuiuza kuti fayilo yolowayo ndi GIF. Imadzionera yokha, posuzumira zilembo zoyambirira za m'kati mwa fayilo, chifukwa GIF imayamba ndi GIF87a kapena GIF89a, ndipo mafomati ambiri ali ndi chizindikiro chotere. Yotulukayo imaidziwira ku mathero a dzina. Pambali pa convert padali identify yonena kukula ndi fomati ya chithunzi, montage yoika zithunzi zambiri pa tsamba limodzi, composite yosanjikiza, display ndi animate zoonetsa pa sikirini, ndi mogrify yomwe imasintha fayilo pomwepo n'kulemba pamwamba pa yakale, osafunsa. Mafomati adanka nachuluka mpaka kupitirira 200. Komwe ImageMagick sinkatha yokha, inkaitana pulogalamu ina kuti iithandize, monga Ghostscript pa mafayilo a PostScript ndi PDF.

Mukandifunsa ine, kamangidwe ka a Poskanzer n'kaudongo kuposa ka a Cristy. Chilichonse chili poyera, ndipo kapulogalamu kamodzi kakalakwa mumadziwa kuti ndi kati. Koma fomati yapakati yophweka chotere imataya zinthu m'njira. PPM sisunga mbali zoonekera ngati galasi, sisunga kayendedwe ka GIF yovinavina, sisunga zomwe kamera idalemba za tsiku ndi malo. Komanso munthu amene ali pachangu safuna kuloweza maina 200. Amafuna chida chimodzi choti achiponyere chilichonse. ImageMagick idapambana chifukwa siinkakana fayilo, ndipo ndi khalidwe lomwelo lomwe lidadzaiika m'mavuto.

Mawebusaiti atabwera m'zaka za m'ma 1990, pulogalamu yopanda mabatani idapeza ntchito yake yeniyeni. Pa seva sipakhala munthu woti adine. Wina akatumiza chithunzi chachikulu, payenera kukhala chinthu choti chichichepetse pompo n'kupanga kachithunzi kakang'ono koika pa tsamba. Olemba mapulogalamu a Perl, kenako a PHP, Ruby ndi Python, ankangoitana convert kuseri. MediaWiki, yomwe Wikipedia imayendera, imatha kuitana ImageMagick popanga tizithunzi take, ndipo WordPress kuyambira 2012 imaigwiritsa ntchito ikaipeza pa seva. Pansi pa ImageMagick palinso ntchito za ena. JPEG imaiwerenga kudzera mu libjpeg, yomwe a Tom Lane ndi anzawo a Independent JPEG Group adatulutsa ulere mu 1991, fomatiyo isadavomerezedwe n'komwe mu 1992.

GIF ndiyo idabweretsa mlandu. Njira yake yofinyira mafayilo, LZW, idali ndi patenti ya kampani ya Unisys, ndipo kumapeto kwa Disembala 1994 kudalengezedwa kuti opanga mapulogalamu a GIF azilipira. Mkwiyo udali waukulu, ndipo udabala chinthu chabwino. Mu Januwale 1995 a Thomas Boutell adatulutsa zolemba zoyamba za fomati yatsopano yopanda mwini, ndipo mu Okutobala 1996 PNG idavomerezedwa ndi bungwe la W3C. Koma dziko lidali litadzaza kale ndi ma GIF. Pa 5 Novembala 1999 otsutsa adakonza tsiku lotchedwa Burn All GIFs Day, loti eni mawebusaiti asandutse ma GIF awo kukhala PNG, ntchito yomwe zida zoyendera mzere wa malamulo zinkaichita m'kamphindi. A Boutell adachotseratu GIF mu laibulale yawo ya GD mu 1999 n'kudzaibwezera mu 2004. ImageMagick idazemba mwanjira ina: inkatuluka LZW itatsekedwa, n'kumalemba ma GIF osafinyidwa, akuluakulu, pokhapokha mwini makina atatsegula yekha. Patentiyo idatha ku America mu Juni 2003, ndipo GIF ikadalipobe, ikuvinavina pa WhatsApp.

Pa nthawi imeneyi ImageMagick sidalinso ya munthu mmodzi. A Bob Friesenhahn adalemba Magick++ ya olemba C++ n'kukonzanso kamangidwe kake, a Glenn Randers-Pehrson, mmodzi mwa osamalira PNG, adagwira mbali ya PNG ndi MNG. Koma kudabuka kusamvana pa liwiro. Ena ankafuna kuwonjezera zinthu zatsopano, ena ankafuna kuti lamulo lomwe lagwira ntchito chaka chino ligwirenso chimodzimodzi chaka chamawa. Mu Novembala 2002 a Friesenhahn adatenga ImageMagick 5.5.2 n'kuyamba nthambi yawo, GraphicsMagick, yomwe malamulo ake onse amayamba ndi gm. Ikadalipo, ndipo imasintha pang'onopang'ono monga adafunira. Mbali inayo kudabwera ImageMagick 6, ndi zitsanzo zambirimbiri zomwe a Anthony Thyssen a ku Australia adalemba. Ndikhulupirira kuti anthu ambiri amene amati amaidziwa pulogalamuyi adaiphunzira pokopera zitsanzo zimenezo, ine ndemwe.

Komwe ndimagwira ntchito, zithunzi zimabwera kuchokera m'mafoni a anthu osiyanasiyana, zina zogona chammbali, zina zolemera mamegabaiti angapo, pomwe fomu ya pa intaneti ikufuna chosapitirira makilobaiti 200. Ndimaziika m'foda imodzi n'kulemba:

mogrify -path zochepa -auto-orient -resize 600x600 -strip -define jpeg:extent=200kb *.jpg

Mawu a -path amauza mogrify kuti zatsopanozo iziike m'foda ina, zakale isazikhudze. A -auto-orient amadzutsa chithunzi chogona, potsata chizindikiro chomwe foni idalemba m'fayilo. A -strip amachotsa zolemba zonse zobisika, kuphatikizapo malo enieni pomwe munthu adaima pojambula, zomwe ambiri sadziwa kuti akutumiza. Omalizawo amaiuza iyeserere kafinyidwe mpaka fayilo itsike pa makilobaiti 200. Ukadina Enter sipaoneka kanthu. Sikirini imangokhala duu kwa timasekondi, kenako kamzere kothwanima kaja n'kubweranso. Anzanga amene adazolowera Photoshop amavutika kukhulupirira kuti chilipo chachitika mpaka atatsegula fodayo. Ndipo bandulo ikamadula chonchi, kutumiza makilobaiti 200 m'malo mwa mamegabaiti 5 si nkhani yamasewera.

Chisokonezo cha mafomati nachonso sichidathe. Google idabweretsa WebP mu 2010, Apple idayamba kusunga zithunzi za iPhone mu HEIC mu 2017, ndipo pakompyuta yakale zonsezi zimakana kutseguka monga momwe Targa inkakanira pa makina a Sun.

Walira mvula walira matope. Pa 3 Meyi 2016 kudalengezedwa chibowo chomwe adachipatsa nambala ya CVE-2016-3714 ndi dzina lachipongwe loti ImageTragick. Mmodzi mwa ochipeza adali a Nikolay Ermishkin a gulu la chitetezo ku Mail.Ru. Kagwiridwe kake kadali kotere. Mwa mafomati 200 aja muli ena omwe si zithunzi kwenikweni koma malangizo ojambulira, monga SVG ndi MVG ya ImageMagick yomwe. M'malangizowo mutha kulembamo kuti mtundu wodzaza malo akuti ukatengedwe ku chithunzi chomwe chili pa adiresi yakuti ya pa intaneti. ImageMagick ikaona adiresi yotere inkaitana pulogalamu ina kuti ikatenge chithunzicho, ndipo poitanapo inkangomata adiresiyo mu mzere wa malamulo osaisefa mokwanira. Wakuba ankangowonjezera lamulo lakelake kumapeto kwa adiresi, seva n'kulimvera. Eni mawebusaiti ambiri ankadziona otetezeka chifukwa ankalola mafayilo othera ndi .jpg kapena .png okha. Koma ImageMagick simvera dzina, imasuzumira m'kati. Fayilo ya mizere inayi yotchedwa nkhope.jpg, yotumizidwa ngati chithunzi cha munthu pa akaunti yake, inkatha kupereka seva yonse m'manja mwa mlendo. Patapita miyezi, wofufuza wina, a Andrey Leonov, adapeza kuti chibowo chomwechi chidali chikadali chotseguka pa seva ina ya Facebook, ndipo kampaniyo idawalipira madola 40,000.

Pali kenakake koseketsa apa. Dr. Pensak aja adadzakhazikitsa kampani ya Raptor Systems, imodzi mwa zoyamba kugulitsa firewall, chida chotchinga alendo kuti asalowe pa makompyuta a kampani.

Chaka chotsatira, mu Meyi 2017, wofufuza za chitetezo, a Chris Evans, adaonetsa china. Adapanga fayilo ya mabaiti 18 okha, ya fomati yakalekale ya RLE yochokera ku Utah Raster Toolkit, yomwe pafupifupi palibe ankaigwiritsanso ntchito. Ataitumiza ku Yahoo Mail, ImageMagick idakonza malo oika chithunzi m'memori koma osawasesa, ndiye kachithunzi komwe kadabwerako kadali ndi zidutswa za zithunzi za anthu ena zomwe zidadutsa pa seva imeneyo. Yahoo idasiyiratu kugwiritsa ntchito ImageMagick. Mu 2018 a Tavis Ormandy a Google Project Zero adapeza zibowo mu Ghostscript, ndipo osamalira mapulogalamu oyendetsa kompyuta monga Debian ndi Ubuntu adatseka PDF ndi PostScript mu fayilo ya malamulo a chitetezo ya ImageMagick, policy.xml. Anthu padziko lonse amene ankatembenuza ma PDF kwa zaka adadzuka n'kupeza convert ikuwayankha kuti saloledwa.

Ena atamva izi amati pulogalamuyi idalembedwa mosasamala. Ine sindiona choncho. Idalembedwera katswiri wa makemikolo wotsegula zithunzi zake pa makina ake, pa nthawi yomwe ambiri pa Usenet ankasaina maina awo enieni ndi a komwe amagwira ntchito. Kwa munthu ameneyo, kulandira fayilo iliyonse n'kuyesetsa kuimvetsa kudali ulemu. Amene adaitenga n'kuiimika pakhomo la seva, kuti izilandira mafayilo kwa aliyense padziko, ndi makampani omwe adali ndi ndalama zoti n'kulipira anthu oifufuza, ndipo ambiri mwa iwo sadaperekepo kanthu. Fomati iliyonse mwa 200 ija ili ndi kachidutswa kakekake ka C kowerenga manambala omwe fayilo yanena, ndipo kena kadalembedwa zaka 25 zapitazo ndi munthu amene adafuna kutsegula chithunzi chimodzi n'kupita. Zida za a Poskanzer nazo zidakhalapo ndi zibowo, koma kumeneko giftopnm imawerenga GIF basi. Ukaipatsa china imakana. Seva yoyendera Netpbm siingatsegule RLE pokhapokha mwini wake ataiuza kutero. Lero olemba ImageMagick amalangiza zomwezo kudzera mu policy.xml: tsekani zonse, mutsegule GIF, JPEG ndi PNG zokha ngati ndizo mukufuna.

Mu Ogasiti 2020 wojambula zoseketsa wa xkcd, a Randall Munroe, adajambula mulu wa zidina zosanjikizana woimira zipangizo zonse za intaneti, wonsewo utatsamira pa kachidina kamodzi kopyapyala, komwe ndi pulogalamu yosamalidwa ndi munthu mmodzi wosayamikidwa. M'mawu obisika a pansi pa chojambulacho adatchula ImageMagick. A Cristy akadali mmodzi mwa oisamala, pamodzi ndi anthu ochepa, monga a Dirk Lemstra a ku Netherlands.

Opanga mawebusaiti atsopano ambiri adasamukira kwina. Yomwe yatchuka ndi libvips, nayonso yakale, yomwe idayamba cha mu 1989 pa ntchito ya VASARI yojambula zithunzi zopenta za ku National Gallery ku London. Zithunzi zimenezo zidali zazikulu kuposa memori ya makina, choncho a John Cupitt ndi a Kirk Martinez adaipanga kuti izigwira chithunzi pang'onopang'ono, chigawo ndi chigawo, pomwe ImageMagick imakonda kuchinyamula chonse. N'chifukwa chake imathamanga ndipo sidya memori yambiri.

ImageMagick 7 idatuluka kumapeto kwa Epulo 2016, masiku ochepa ImageTragick isadalengezedwe. Idasintha kamangidwe ka m'kati ndipo idabweretsa lamulo limodzi, magick, loti lilowe m'malo mwa convert. Chifukwa china chidali chomveka: pa Windows pali kale pulogalamu ya Microsoft yotchedwa convert, yomwe ntchito yake ndi kusintha disiki kuchoka ku FAT kupita ku NTFS, ndipo anthu ofuna kuchepetsa chithunzi ankapezeka ataitana imeneyo. Koma convert idalembedwa m'timapulogalamu tosawerengeka ta m'maseva, tambiri tosiyidwa ndi anthu omwe adachoka kale pantchito, ndipo palibe amafuna kutikhudza. Olemba ImageMagick akhala akusamala 6 ndi 7 pamodzi kuyambira pamenepo. Debian 12, ya mu 2023, idatulukabe ndi 6. ImageMagick 7 idalowa mu Debian 13 mu Ogasiti 2025, patatha zaka 9.